Moto Wonunkha m'Chikuta

1. Thumba la pamsewu

Chisanu cha mwezi wa Juni, chaka cha 1999, chidafika pachipata cha m'malire cha Mchinji ndi ukali wake wonse. Madalaivala a mathiraki ankadikira mapepala awo atafunda mabulangete masanasana, ndipo anyamata osintha ndalama ankangopumira m'manja. Sabata yomweyo Veronika, mkulu wake wa Keziya, adachira mwana wamwamuna, mwana wake woyamba.

Atachoka kuchipatala, Veronika ndi khandalo adalowa m'chikuta monga mwa mwambo. Kachipindako kadali kakang'ono, ka zenera limodzi lotseka ndi chiguduli. Mwamuna sankaloledwa kupondamo kufikira mchombo utagwa, ngakhale Stefano, bambo wa mwanayo. Olowamo adali atatu okha: a Nambewe, amayi awo, amene adali amasiye, a Anasi, amayi awo aakulu, ndi Keziya, amene ntchito yake idali yosonkha moto.

Zaka za m'mbuyomo akadangoyatsa sitovu ya palafini n'kuiika pakona kuti chipinda chifunde. Koma palafini adali atakwera mtengo, ndipo sitovuyo idali itapachikidwa kudenga, akangaude atamangamo mudzi. Nkhuni nazo utsi wake sugwirizana ndi khanda. Chotsala chidali makala, ndipo makala adali kwa amalume, kuseri kwa phiri, ulendo wa maola awiri kupita, awiri kubwera.

Tsono Keziya uyu mumudziwe bwino. Adali mtsikana wa Sitandade 8, wanzeru m'kalasi, koma waukhondo wopyola muyeso. Kapu imene wina wamwera, iye ankaitsuka kawiri. Ntchentche ikatera pa mbatata yake, mbatatayo inkapita kwa galu. Ndiye munthu wotereyu mumusenzetse thumba la makala! Fumbi lake likasakanikirana ndi thukuta limatsikira m'khosi, limalowa m'makutu ndi m'zikhadabo, mpaka pamano. Ulendo wina anyamata a kusukulu adamuona ali choncho, ndipo dzina loti Namakala lidamukakamira teremu yonse. Ntchito imeneyi inkamunyansa kwabasi.

Loweruka m'mawa a Nambewe adamuponyera thumba.

"Makala atsala a lero okha. Pita kwa amalume ako. Ndipo usakhale ngati wapita kukakwatiwa kumeneko, ubwere dzuwa lisanapendeke."

Keziya adanyamuka akung'ung'udza. Atafika pamalo pamene mathiraki amaima, adapeza anthu ataunjikana m'mbali mwa msewu. Thiraki ina yochokera ku Zambia idali itamasuka chitseko cha kumbuyo, katundu wake n'kukhuthukira m'ngalande. Idali miyala yakuda bii, yonyezimira ngati yapakidwa mafuta.

"Malasha a m'mgodi awa, sisi," adatero wothandiza dalaivala, atatsamira fosholo. "Tikupita nawo kufakitale. Chibulumwa chimodzi chimayaka tsiku lonse. Tolani, ife sitingathe kuwola zonsezi."

Keziya adayang'ana phiri lija, n'kuyang'ana m'ngalande. Phiri lidali kutali, ngalande idali pamapazi pake. Adavala jumbo kudzanja kuti asade, n'kuyamba kutola. Thumba litangofika pakati lidali litalemera kale kuposa la makala lodzaza.

2. Chenjezo la a Elias

Pafupi pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Elias, nkhalamba yokhoma mbaula ndi zidebe. Adali mtchona amene adatha zaka makumi awiri akukumba malasha ku Wanki, m'dziko la Rodeshya. Adabwerako ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa chosatha. Pambali pa mwendo wawo pankakhala kachitini kolavuliramo, ndipo zimene zinkagwera m'menemo zidali zakuda ngati matope a m'dambo. Keziya akamadutsa pamenepo ankagwira mpweya n'kuyang'ana kumbali.

"Iwe mwana wa Nambewe, tabwera kuno," adamuitana.

Keziya adasendera, koma adaima patali, osagwada n'komwe.

"Chimene wanyamulacho ndikuchidziwa kuposa dzina langa," adayamba a Elias. "Amenewo si makala, mwana wanga. Makala ndi mtengo umene utsi wake wambiri udathera kale kung'anjo. Awa ndi mwala, ndipo utsi wake wonse udakali m'kati. Azungu a ku Wanki ankawotha moto wa malasha, inde. Koma ankawasonkha m'chitofu chachitsulo chokhuthala, chokhala ndi paipi yotulutsira utsi pamwamba pa denga. Ife a m'komboni tinkadziona ochenjera. Tinkatola zibulumwa n'kusonkha m'zitini zobowola, chitseko n'kutseka kuti kutentha kusathawe."

Chifuwa chidawagwira. Adatsokomola mpaka misempha ya m'khosi kutupa, kenaka adaweramira kachitini kaja. Keziya adayang'ana kumbali.

"Ndidali ndi mnzanga wa ku Dowa," adapitiriza, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Mnyamata wamphamvu, wonyamula njanji yekha. Tidamupeza ali gone, bulangete lili m'khosi, nkhope ili bwinobwino ngati akulota kwawo. Sadadzukenso. Umve bwino, mwanawe. Utsi umene umauona ndi wachifundo, chifukwa umakutsokomoletsa, iwe n'kuthawa. Woipa ndi mpweya umene umatsala utsi utachepa. Umenewo suoneka. Umayamba ndi mutu, kenaka mseru, kenaka kufooka. Munthu wamkulu amadzandira n'kutuluka panja. Nanga khanda lithawira kuti? Ndamva kuti kwanu kuli chikuta. Usayerekeze kulowetsamo zimenezi. Ngakhale makala enieni, uziyatsira panja, ndipo zenera lizikhala lopuma. Mbaulazi ndimakhoma ndine. Ndimadziwa zimene zingasenze ndi zimene sizingasenze."

Adatambasula dzanja. "Tandipatsa chimodzi, ndikuonetse mmene chimanunkhira chikapsa."

Keziya adayang'ana dzanjalo. Lidali ndi mizere yakuda yosachoka, ndipo lidali lomwe lija lapukuta pakamwa. Adabwerera m'mbuyo.

"Ndamva, agogo," adatero.

Koma sadamve kanthu. Mumtima ankati tsobola wakale sawawa. Munthu wolephera kusamala chifuwa chake angaphunzitse ndani za moto? Posenza thumba, chibulumwa chimodzi chidagwa n'kugubudukira kumapazi a nkhalambayo, ndipo Keziya sadafune n'komwe kuchitola.

Thumbalo adakalibisa kuseri kwa chulu, n'kupita kubwalo la sukulu kukaonera mpira wa manja. Dzuwa litapendeka adabwerera, n'kudzipaka kafumbi kakuda pang'ono patsaya, nkhope ataikwinya, kuti aoneke ngati wachokera kutali. Atafika kunyumba adalowa m'khitchini mwakachetechete, n'kuthira makala otsala aja pamwamba pa malashawo.

"Amalume ako ali bwanji?" adafunsa a Nambewe ali panja.

"Ali bwino, amayi. Akupereka moni."

3. Fungo

Malasha adamuvuta kuyatsa. Adayamba wayala makala enieni pansi, n'kusanja zibulumwa pamwamba, n'kukupiza ndi chivindikiro mpaka mkono kuwawa. Atagwira moto, padatuluka utsi wachikasu wonunkha ngati mazira owola. Keziya adathamangira kuseri kwa khitchini akufuna kusanza. Pamenepo munthu wanzeru akadasiya. Iye adangodikira kuti utsi uchepe, n'kunyamula mbaula kulowa nayo m'chikuta.

Kunena zoona, chipindacho chidafunda kuposa masiku onse.

"Keziya, wandithandiza," adatero Veronika, akuvula bulangete limodzi. "Mapazi anga anali atauma ndi chisanu."

A Nambewe adanunkhiza uku ndi uku. "Koma makala a mtengo wanji onunkha chonchi?"

"Amalume akuti mitengo yabwino idatha, akungootcha uliwonse," adayankha Keziya, maso ali pansi.

"N'zoona, phiri lija lameteka," adatero mayiyo, n'kuiwala.

Mwayi wokha udali wakuti a Nambewe ankaopa ngozi ya moto, ndiye nthawi yogona mbaula inkatulutsidwa panja. Koma tsiku lonse la Sabata, kuyambira m'mamawa, motowo udali m'chikuta. Fungo lidalowa m'mabulangete, m'mphasa ndi m'tsitsi. Matewera oyanika pachingwe cha m'katimo adachita timadontho takuda tonata, toti ukapukuta timangopakika. Veronika adayamba kudandaula mutu. Phala limene adamubweretsera adangolawa kamodzi n'kukankhira kumbali.

A Anasi ndiwo sankamva kanthu. Mphuno zawo zidafa kalekale ndi fodya wa m'mphuno.

"Limenelo ndi fungo la chikuta," adatero. "Amene sanabereke ndiwo amanyansidwa. Mutuwo ndi wa uchembere, utha wokha."

Masana khanda lidayamba kutsokomola. Timaso take tidafiira n'kuchita manthongo. Likagwira bere linkangoyamwa pang'ono n'kusiya.

"Mphepo ikulowa penapake," adagamula a Anasi. Adatenga sanza n'kutseka pansi pa chitseko, chiguduli cha pazenera n'kuchikanikiza bwino. "Keziya, onjezera moto. Mwana wazizidwa."

Keziya adaonjezera. Polowa m'chipindamo ankagwira mpweya, monga ankachitira podutsa pa kachitini ka a Elias. Madzulo, potaya phulusa, adaona kuti chitsulo cha pakati pa mbaula chapindika ndipo chabowoka, mbaula yoti idagulidwa mwezi womwewo. Mawu a nkhalamba aja adamubwerera onse: mutu, mseru, kufooka. Tisamunamizire kuti sadadziwe. Adadziwa, koma adaopa kuulula bodza lake.

4. Mlandu wa mkamwini

Lolemba m'mawa Keziya sadapite kusukulu, chifukwa pakhomo padali posayenda bwino. Mwana ankalira ndi mawu aang'ono ngati kamphaka, ndipo akamapuma kachifuwa kake kankalowa m'kati. A Anasi adamuvula, n'kumutembenuza uku ndi uku. Adatuluka panja nkhope itasintha.

"Nambewe, usavutike n'kufunsa. Ili ndi tsempho."

Tsempho ndi matenda amene akuluakulu amati amagwira khanda ngati bambo wake wayenda ndi mkazi wina mayi ali m'chikuta. Tsono Stefano ankagwira ntchito yomata matayala pachipata pomwepo, pakati pa mathiraki, moyandikana ndi malo omwera mowa. Kwa a Anasi umboni udakwana pomwepo.

Adamuitanitsa. Stefano adabwera manja ali ndi girisi, n'kunjuta patali pafupi ndi nkhokwe, chipewa chili m'manja, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi. Adali munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Sabata yonseyo ankangozungulira kuseri kwa zenera kuti amve kulira kwa mwana wake.

"Bambo," adayamba a Anasi, "pakhomo pano tidakulandirani ngati mwana wathu. Tidakupatsani malo, tidakupatsani munda. Mkazi wanu atatsala pang'ono kuchira tidakukhazikani pansi n'kukuuzani kuti mudzisunge, chifukwa khanda ndi lozizira, silifuna munthu wotentha. Mudavomera ndi mutu. Lero taonani. Mwana akutsokomola, akukana bere, chifuwa chikulowa. Ine ndalera ana asanu ndi atatu, matendawa ndimawadziwa. Mankhwala ake alipo, ndipo mizu yake ndikhoza kukakumba lero lomwe. Koma sagwira ntchito mwini wake asanaulule. Mukaulula, mwana achira. Mukabisa, mwana apita, ndipo dziko lonse lidzadziwa kuti mwamupha ndinu. Kuchipata kuja timakudziwa. Tinene ife, kapena munena nokha?"

"Apongozi, pali Mulungu, ine sindinachite kanthu," adatero Stefano. "Ndikaweruka ndimabwera kuno. Afunseni anzanga."

"Anzanu omwewo oyenda nawo?"

"Ndiye tiyeni naye kuchipatala, akamuone adokotala."

"Mchombo usanagwe? Mukufuna mumutsirizire panjira?"

Nthawi yonseyi Keziya adali pakhomo pa khitchini, akukupiza mbaula yobwereka kwa aneba. Zibulumwa zatsopano zinkafuka, utsi wachikasu ukumulowa m'maso. Ankamva zonse. Adatsegula pakamwa kuti alankhule, koma adakumbukira mpira wa manja, kafumbi ka patsaya, ndi moni wabodza wa amalume. Adatsekanso.

M'chikuta mwana adatsokomola kanthawi kotalika, kenaka padali zii. Patapita kamphindi adayambanso kulira mofooka. Stefano adaimirira ngati akufuna kuthamangira kuchitseko, koma adakumbukira mwambo n'kunjutanso. Misozi idali ikutsika, osaipukuta.

"Nthawi ikutha, bambo," adatero a Anasi.

Keziya adati alankhula akangomaliza kukupiza. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

"Chabwino," adatero Stefano. "Ngati mawu anga ndiwo achiritse mwana wanga, ndavomera. Ndachita. Kakumbeni mankhwalawo."

"Mayo ine!" Udali mfuu wa Veronika kuseri kwa khoma. Adali atamva zonse.

5. Keziya akhuthula thumba

Keziya adali atanyansidwa ndi zambiri pa moyo wake: ntchentche, makapu a anthu ena, fumbi la makala, kachitini ka a Elias. Koma tsiku limenelo palibe chidamunyansa kuposa iye mwini. Munthu wosalakwa adali atadzipaka matope pamaso pa apongozi ake chifukwa cha mwana, pamene iye, mwini mlandu, adali chikhalire ndi chivindikiro m'manja.

Adataya chivindikirocho. Adalowa m'khitchini, n'kukoka thumba lija mpaka pabwalo, n'kulikhuthula pamapazi a a Anasi. Adatola chibulumwa chimodzi ndi manja ake, opanda jumbo.

"Alamu akunama!" adafuula. "Sanachite kanthu. Ndine, amayi. Kwa amalume sindinafikeko. Awa si makala, ndi malasha a m'mgodi, ndinatola pamene inakhuthula thiraki. Fungo lija ndi limeneli. Mwana akudwala utsi!"

A Nambewe adatenga chibulumwacho, n'kuchiyeza kulemera m'dzanja. Adachimenya ndi msana wa nkhwangwa, ndipo chidalira ngati mwala, osafumbutuka ngati khala. Adaweramira mbaula imene inkafukayo, n'kudzuka msanga atagwira mphuno.

Adathamangira m'chikuta, n'kuzula chiguduli cha pazenera, sanza zija n'kuzikankha ndi phazi. Adatuluka atanyamula khanda.

"Nambewe, mchombo!" adakuwa a Anasi. "Ukutulutsa mwana mchombo usanagwe?"

"Akulu, mchombowo ukagwera kuchipatala," adayankha a Nambewe osatembenuka.

Veronika adatuluka pambuyo akugwira khoma. Mphepo ya panja itangomuwomba adagwada pakhomo n'kusanza. Keziya adathamanga ndi madzi, koma mkulu wakeyo adalandira kapu osamuyang'ana.

A Anasi adali asanagonje. Adafwenkha fodya wawo, n'kuyang'ana Stefano.

"Utsi kapena osati utsi, ine za malasha sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkamwiniyu wavomera ndi pakamwa pake, tonse tikumva. Mtsikanayu akungomuikira kumbuyo mlamu wake. Munthu angavomere chimene sanachite?"

"Ndinangonena kuti mwana achire," adatero Stefano. "Vero, ukundidziwa."

Veronika adamangirira chitenje, n'kutsata amayi ake kumsewu kukakwera minibasi ya ku Boma. Stefano atafuna kunyamula chikwama cha matewera, mkazi wakeyo adachikoka n'kuchikolekera paphewa pake. Madzi akatayika saoleka, ndipo mawu aja adali atatayika kale. Mnyamatayo adangotenga njinga yake n'kumatsatira minibasi m'mbuyo.

Asananyamuke, a Nambewe adamuuza Keziya mawu ochepa.

"Iwe tsala. Za iwe tikamba ndikabwera. Koma ndisadzapeze kanthu kakuda pakhomo pano."

Keziya adagwira ntchito ngati wolipitsidwa mlandu. Adathira madzi pambaula, adawola zibulumwa zonse mpaka tizidutswa, n'kukaziponya m'chimbudzi. Adatulutsa mphasa ndi mabulangete padzuwa. Adachapa matewera katatu, koma timadontho takuda tija sitidachoke. Manja ake adada mpaka m'zigongono, ndipo kwa nthawi yoyamba sadathamangire sopo.

6. Funso la Veronika

Dzuwa litapendeka adamva njinga ikulira pakhomo. Adali Stefano, yekha, milomo itauma ndi fumbi.

"Alamu, mwana ali bwanji?"

"Amugoneka. Amuika timapaipi m'mphuno tomuthandiza kupuma. Akuti sangalonjeze kanthu mpaka mawa. Adokotala akufuna aone chimene chimayakacho, ndiponso alankhule ndi amene amasonkha motowo, kuti adziwe kuti mwana wapuma utsiwo nthawi yaitali bwanji. Tenga chibulumwa chimodzi, tizipita."

Keziya adati: "Ndataya zonse m'chimbudzi."

Adathamangira kumsewu, koma thiraki ija idali itapita, ndipo m'ngalande anthu adali ataseseratu. Padatsala malo amodzi okha. Keziya adapita pansi pa mtengo wa mango, ndipo ulendo uno adagwada, pafupi penipeni ndi kachitini kaja, n'kuwafotokozera a Elias zonse.

A Elias adamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Sadamuseke, ndipo sadanene kuti ndidakuuza. Adapisa dzanja pansi pa benchi n'kutulutsa chibulumwa chija chidagwa Loweruka.

"Ndidachisunga kuti ndizionetsa anthu ogula mbaula," adatero. "Tenga. Koma umve, mwana wa Nambewe. Tsiku lija sudakane mawu anga chifukwa adali olakwa ayi. Udawakana chifukwa adatuluka m'kamwa monyansa. Ine sindikudandaula, chifuwachi chimandinyansa ndi ine ndemwe. Koma chifuwa chomwechi ndicho chidandiphunzitsa zimene ndidakuuza. Ukamasankha malangizo poyang'ana ukhondo wa wolankhula, udzamvera anthu ambiri onunkhira sopo amene adzakutaya. Pita. Ukanene zonse, usakasiyeko kanthu. Adokotala sachiza ndi theka la nkhani."

Adatambasula dzanja lija la mizere yakuda. Keziya adalandira ndi manja awiri.

Adakwera pakaliyala, chibulumwa atachifumbata pamiyendo. Stefano adapalasa mpaka adadutsa nyumba zomaliza za pachipata. Kenaka adalankhula osatembenuka.

"Mlamu, asisi ako sakundilankhula. M'chipinda mwa mwana andikaniza kulowa. Mawu a amayi aakulu aja awalowa. Akuti mwina utsi ndi woona, koma mwina zanganso ndi zoona, ndipo iwe wangolankhula pondimvera chisoni."

"Koma ndanena kuti ndine, alamu."

"Wanena. Tsono akuti ukafika akufunsa funso limodzi, pamaso pa amayi. Akufuna adziwe kuti unadziwa liti kuti ndi motowo. Ukati wangoganiza lero m'mawa, iwo aziti ndi maganizo chabe a mwana, ndipo mlandu ukhala pa ine. Koma ngati unadziwa kale, ngati alipo anakuchenjeza..." Adasiyira pomwepo, n'kupalasa kangapo. "Ine sindikuuza chonena. Mwana ndi wanga, koma Veronika ndi mkulu wako."

Keziya yankho adali nalo, ndipo lidali loipa. Adachenjezedwa Loweruka, moto usanayake n'komwe. La Sabata adaona mbaula itabowoka, ndipo Lolemba m'mawa adali akukupizanso. Akanena zimenezo, alamu ake ayera, koma Veronika adziwa kuti mng'ono wake ankalowetsa motowo m'chikuta akudziwa, atagwira mpweya wake, khanda likupuma.

Kuchokera pachipata kukafika ku Boma ndi makilomita khumi ndi awiri. Keziya adawaona akutha mmodzimmodzi, ndipo sadafunepo kuti njira italike ngati tsiku limenelo. Atakhota kulowa pachipatala, adaona Veronika ataima pakhonde la chipinda cha ana, manja ali opanda mwana, maso ali pa iye.